Chikho anabweretsa ndi anyamata, ndalama anadya ndi akuluakulu

Usiku wa pa 13 January 2020, masewero atangotha m'bwalo la Superdome ku New Orleans, Odell Beckham Jr., katswiri wa mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa American football, amene kale ankasewerera Louisiana State University, anatsikira m'bwalo n'kuyamba kufumbatitsa ndalama anyamata a timu yake yakale. Timuyo, imene anthu amangoti LSU, inali itangothidzimula Clemson 42 kwa 25 n'kutenga chikho cha mpira wa m'makoleji ku America. Makamera anamujambula akupatsira Justin Jefferson, mmodzi mwa osewera a LSU. Akuluakulu a yunivesite anayamba anena kuti ndalamazo zinali zoseweretsa, koma pambuyo pake zinadziwika kuti zinali zenizeni, zonse pamodzi madola 2,000. Chifukwa cha madola amenewo, LSU inaletsa Beckham kuponda pamalo a timu kwa zaka ziwiri, poopa mkwiyo wa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji. Mwezi womwewo usanathe, kochi wamkulu Ed Orgeron anasainira kontirakiti yatsopano ya zaka 6 ya madola 42 miliyoni, ndipo palibe lamulo limene linaphwanyidwa.

Sizoni ya LSU ya 2019 ndimaiona ngati yokoma kuposa ina iliyonse imene timu ya koleji inasewerapo, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya madola 2,000 aja imandipweteka. Ntchito yaikulu ya chaka chimenecho anagwira ndi anyamata a zaka 18 mpaka 23. Lamulo linkawaletsa kulandira malipiro, ndiponso kupeza kalikonse kudzera m'mayina awo. Amene amati chinali chaka cha Orgeron, kapena cha luso la makochi, akunena zoona pang'ono chabe, ndipo zimene zinachitika anyamatawo atachoka zikuchitira umboni.

Kwa amene mpira umenewu sanauzolowere: timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti ipite patsogolo mayadi 10, ikakwanitsa imapatsidwa inayi ina, mpaka itakaoloka mzere wotsiriza. Kuoloka kumeneko ndiye touchdown, ya mapointi 6. Amene amatsogolera zonse ndi quarterback, woponya mpira kwa anzake owakha. Ku Louisiana mpira wa pakoleji si masewero a ana a sukulu monga dzinalo likumvekera. Tiger Stadium, bwalo la LSU ku Baton Rouge, mumalowa anthu oposa 102,000.

Joe Burrow, quarterback wa timuyi, anafika ku Baton Rouge mu 2018 ali munthu wokanidwa. Anakhala zaka zitatu pa Ohio State osapatsidwa mpata weniweni, ndipo malo atapezeka anapita kwa Dwayne Haskins. Chaka chake choyamba pa LSU anaponya matouchdown 16 okha. Timu inapambana masewero 10 n'kuluza atatu, ndipo Alabama inabwera pakwawo n'kuwachita 29 kwa duu. Palibe amene akanalota kuti chaka chotsatira mnyamata yemweyo aponya matouchdown 60, kuposa 58 amene Colt Brennan wa ku Hawaii anaponya mu 2006, n'kusonkhanitsa mayadi 5,671, mipira 76 pa 100 iliyonse ikufika m'manja mwa mnzake, ndipo 6 yokha chaka chonse ikugwera m'manja mwa adani.

Chizindikiro choyamba chinaonekera ku Austin pa 7 September, posewera ndi Texas. Kutatsala mphindi zosakwana zitatu, LSU ikutsogola 37 kwa 31, inapezeka ili pa mpata wachitatu koma ikufunika mayadi 17. LSU ya zaka zam'mbuyo ikanathamanga ndi mpira pang'ono, n'kuumenyera kutali, n'kuyamba kupemphera kuti otchinga kumbuyo apirire. Apa Texas inatumiza chigulu kukagwetsa Burrow, iye n'kuzemba kulowera kutsogolo, ndipo miyendo isanakhazikike n'komwe anaponya kwa Jefferson, amene anathamanga mpaka kumzere. Mayadi 61. Kochi akhoza kujambula pa bolodi kumene aliyense athamangire, koma kuzemba anthu amene akubwera kudzakuphwanya n'kuponya mpira wolunjika uli m'malere si chinthu chojambulidwa. Anamaliza 45 kwa 38.

Florida inagwa 42 kwa 28, Auburn inavuta koma inagonja 23 kwa 20. Kenako panafika pa 9 November ku Tuscaloosa, kwawo kwa Alabama ya kochi Nick Saban, imene inali itagonjetsa LSU maulendo 8 otsatizana. Tsiku limeneli anthu amakumbukira Burrow, amene anafikitsa mipira 31 mwa 39, koma ine ndimati linali tsiku la Clyde Edwards-Helaire, mnyamata wamfupi wobadwira mu Baton Rouge momwemo, amene ambiri ankamuderera chifukwa cha msinkhu. Anagoletsa matouchdown anayi. Popita kokapuma LSU inkatsogola 33 kwa 13, ndipo Alabama itabwerera ndi ukali m'chigawo chachiwiri, nthawi iliyonse imene zinthu zinkafuna kuterereka mpira unkapatsidwa kwa iye. Kumapeto kwenikweni anakoka gulu la otchinga a Alabama atamukangamira pamsana mpaka anapeza mayadi amene ankafunika kuti nthawi ithe mpira uli kwawo. Zinatha 46 kwa 41, anthu oposa 16 miliyoni akuonera pa wailesi yakanema ya CBS.

Zotsatira zake zinali ngati mwambo chabe. Texas A&M, imene chaka chapitacho inawagonjetsa 74 kwa 72 m'masewero amene anawonjezeredwa nthawi kasanu n'kawiri, inabwezeredwa 50 kwa 7. Georgia inagwa 37 kwa 10 ku Atlanta pa fainolo ya ligi ya SEC. Pa 28 December, m'ndime ya matimu anayi, Burrow anaponya matouchdown 7 chigawo choyamba chisanathe posewera ndi Oklahoma, anayi mwa iwo kwa Jefferson, amene anawakha mipira 14 ya mayadi 227. Masewerowo anathera 63 kwa 28, tsiku limene Steve Ensminger, kochi woyang'anira zoukira, anagwira ntchito atangomva kuti mpongozi wake wafa pa ngozi ya ndege akubwera kudzaonera. Fainolo inali yosiyana. Clemson inali itapambana masewero 29 otsatizana, quarterback wake Trevor Lawrence anali asanaluzepo chiyambireni kutsogolera timu pakoleji, ndipo inatsogola 17 kwa 7. Apa ndi pamene Ja'Marr Chase, wa zaka 19, anayamba kuthawa aliyense amene ankamulondera, n'kumaliza ndi mayadi 221. Masewero 15, kupambana onse 15, mapointi 726, ndipo matimu 7 mwa amene anawagonjetsa anali m'gulu la matimu 10 apamwamba panthawi yokumana nawo.

Amene amatsutsana nane ali ndi mfundo, ndipo si yopepuka. Amati Burrow, Jefferson, Chase ndi Edwards-Helaire onse analipo mu 2018 ndipo sanachite zodabwitsa. Chimene chinasintha ndi chakuti Orgeron, munthu wokonda mpira wachikale wa mphamvu ndi kugundana, anadzichepetsa n'kulemba ntchito Joe Brady, mnyamata wa zaka 29 wochokera ku New Orleans Saints, amene anabweretsa kaseweredwe komwaza owakha mpira anayi kapena asanu m'bwalo monse n'kumusiya Burrow asankhe yekha koponya. Izi n'zoona, ndipo Orgeron ayenera kutamandidwa nazo. Anali atalephera ku Ole Miss, kumene anapambana masewero 10 okha m'zaka zitatu, USC inamukana mu 2013 atagwirizira bwino, ndipo munthu wa mbiri yotere akanatha kuumirira njira zake poopa kuti wachichepere amulanda ulemu. Sanatero. Ndiyenso anakopa Burrow kuti abwere, ndipo anapereka malo kwa Jefferson, mwana wa ku St. Rose amene makoleji akuluakulu sankamuyang'ana n'komwe.

Koma kaseweredwe ka Brady sikanali chinsinsi. Matimu ambiri a m'makoleji anali atayamba kale kusewera momwaza chonchi, Oklahoma yomwe ija inkadziwika nako, ndipo LSU ndiyo inachedwa. Chimene makochi anachita mu 2019 ndi kusiya kumanga miyendo anyamata amene anali nawo kale. Ndi nzeru, koma ndi nzeru yochotsa chopinga, osati yolenga luso. Ndipo tikafuna kudziwa kumene luso linali, tingoyang'ana kumene linapita. Pa mwambo wa draft wa April 2020, umene matimu a NFL amasankhira osewera ochokera m'makoleji, anatengedwa anyamata 14 a LSU, asanu mwa iwo m'ndime yoyamba: Burrow woyambirira pa onse kupita ku Cincinnati Bengals, kenako K'Lavon Chaisson, Jefferson, Patrick Queen ndi Edwards-Helaire. Jefferson anawakha mayadi 1,400 chaka chake choyamba ku Minnesota Vikings, pansi pa makochi ena ndi quarterback wina. Chase atatsatira Burrow ku Cincinnati mu 2021, awiriwo anafikitsa timu imene inali yonyozeka kwa zaka zambiri ku Super Bowl, fainolo ya NFL, ya February 2022.

Nanga amene anatsala ndi mabolodi awo? LSU inatsegula sizoni ya 2020 poluza 44 kwa 34 pakwawo ndi Mississippi State, quarterback wa adaniwo akuponya mayadi 623, ndipo inamaliza ndi kupambana kasanu, kuluza kasanu. Ndikudziwa kuti chinali chaka cha Covid-19, ndikudziwanso kuti Brady anali atapita ku Carolina Panthers ndipo Dave Aranda, woyang'anira zotchinga, anali atatenga ukochi ku Baylor. Koma 2021 sinasinthe kanthu, ndipo mu October chaka chimenecho, patangopita miyezi 21 chitengereni chikho, yunivesite inalengeza kuti Orgeron achoka. Brady naye anachotsedwa ku Carolina mu December 2021, ngakhale pambuyo pake anadzachita bwino ku Buffalo, kumene anakapeza quarterback waluso Josh Allen. Pochoka, Orgeron anapatsidwa pafupifupi madola 17 miliyoni kuti asagwirenso ntchito. Sindikumuda nazo, anasaina pepala ndipo pepalalo linalemekezedwa. Funso langa ndi lakuti pepala la anyamata aja linali kuti.

Ndalama zinalipo, ndipo zambiri. Wailesi yakanema ya ESPN inkalipira pafupifupi madola 470 miliyoni pachaka kuti izionetsa masewero a ndime zotsiriza, ndipo fainolo ya ku New Orleans inaoneredwa ndi anthu oposa 25 miliyoni. Majezi a nambala 9 ankagulidwa, aliyense akudziwa kuti ndi ya Burrow ngakhale dzina silinalembedwepo. Amene anaonako moyo wa matenanti m'maesiteti a fodya sangadabwe ndi dongosolo lotere: amakupatsa pogona ndi chakudya, ulime chaka chonse, koma ku okushoni amapita ndi mwini munda.

Yankho limene limabwera msanga ndi lakuti anyamatawa sankasewera ulere, ankaphunzira osalipira fizi, m'dziko limene digiri imasiya anthu ndi ngongole za zaka makumi. Phindu limeneli ndi lenileni ndipo sindilichepetsa. Kwa mwana wa banja losauka la ku Louisiana, malo pa yunivesite akhoza kusintha mbumba yonse. Vuto ndi lakuti mtengo umenewu sanagwirizane ndi osewerawo. Mayunivesite anakhala pansi okhaokha, kudzera mu NCAA, n'kugwirizana kuti palibe amene apereke zoposa pamenepo, pamene pa malipiro a makochi ankapikisana popanda malire. Olemba ntchito akapangana kuti asakweze malipiro a antchito, kwina kulikonse timati ndi chiwembu. Mu June 2021 khoti lalikulu la America, majaji onse 9 mogwirizana, linagamula motsutsana ndi NCAA pa mlandu wa Alston, ndipo jaji Brett Kavanaugh analemba kuti kachitidwe kameneka kakanakhala kophwanya lamulo pafupifupi m'bizinesi ina iliyonse ya m'dzikolo.

Yankho lachiwiri ndi lakuti koleji ndi khomo lolowera ku NFL, ndipo amene akudandauliridwawa lero ndi mpondamatiki. Zoonadi Burrow anasainira madola 275 miliyoni mu 2023, Jefferson madola 140 miliyoni mu 2024. Koma timu ya koleji imakhala ndi anyamata oposa 100, ndipo ambiri mwa iwo mpira wawo umathera pomwepo. Taganizirani Thaddeus Moss, mwana wa katswiri wakale Randy Moss. Pa fainolo ija anawakha matouchdown awiri dziko lonse likuonera. Pa draft palibe timu inamusankha, phazi linali litavulala, ndipo sanasewerepo masewero a ligi ya NFL ngakhale amodzi. Chaka chimene dzina lake linali ndi mtengo chinali 2019, ndipo ndi chaka chomwecho chimene lamulo linkamuletsa kuligulitsa. Mpira umenewu umathyola anthu. Tua Tagovailoa wa Alabama anasewera ndi LSU patangopita milungu itatu atachitidwa opaleshoni ya kakolo, ndipo sabata yotsatira anagwetsedwa posewera ndi Mississippi State mpaka fupa la m'chiuno linaguluka. Iye anachira n'kufika ku NFL. Ena ambiri amene mayina awo sitiwadziwa sachira, ndipo amatuluka opanda kanthu m'thumba.

Ngakhale akatswiri enieniwo analibe kothawira. NFL silola munthu kulowa draft asanathe zaka zitatu chimalizireni sekondale. Chase, amene anapatsidwa mphoto ya Biletnikoff monga wowakha mpira woposa onse, ndi mayadi 1,780 ndi matouchdown 20, sakanatha kupita. Derek Stingley Jr., amene m'chaka chake choyamba analanda mipira 6 ya adani, anayenera kudikira zaka zina ziwiri, ndipo anazimaliza akulimbana ndi kuvulala. Chase atasankha kusasewera mu 2020 kuti asunge thupi lake, ena anamunena kuti ndi wodzikonda. Ine ndimati anawerengera bwino. Anali atapereka kale chikho, ndipo chaka china chaulere chikanangomuika pa ngozi yotaya zonse. Makochi awiri aja, Brady ndi Aranda, anachoka patangopita masiku ochepa fainolo itatha, n'kukayamba ntchito zawo zatsopano nthawi yomweyo, ndipo palibe anawatchula odzikonda. Wosewera akafuna kusintha koleji masiku amenewo ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera. Burrow anapulumuka lamulo limeneli kokha chifukwa anali atamaliza kale digiri yake pa Ohio State.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa chaka chonsechi chinachitikira ku New York pa 14 December 2019, pamene Burrow ankalandira Heisman Trophy, mphoto ya wosewera woposa onse m'makoleji, atapambana ndi mavoti otalikirana ndi wachiwiri kuposa wina aliyense m'mbiri ya mphotoyo. Akulankhula, misozi ili m'maso, anatchula kwawo ku Athens County, kummwera chakummawa kwa Ohio, ndi ana a kumeneko amene amaweruka kusukulu n'kukapeza kunyumba kulibe chakudya chokwanira. Mawuwo sanatenge mphindi yathunthu. M'milungu yochepa anthu anasonkha madola oposa 500,000 kupita kumalo ogawira chakudya osowa a m'deralo. Mawu ochepa a mnyamata ameneyu anali ndi mphamvu yotulutsa theka la miliyoni m'matumba a anthu osawadziwa, koma iye mwini akanalandira madola 100 posainira jezi, akanaimitsidwa kusewera. Burrow sanali wosauka, bambo ake anali kochi pa Ohio University kwa zaka zambiri. Koma anzake ambiri m'chipinda chovalira anachokera m'makomo onga amene iye ankawanena.

Zinthu zinayamba kusintha sizoni yomweyo ili mkati. Pa 30 September 2019 bwanamkubwa wa California, Gavin Newsom, anasainira lamulo lolola osewera a m'makoleji kupeza ndalama kudzera m'mayina ndi zithunzi zawo, zigawo zina n'kutsatira, ndipo pa 1 July 2021 NCAA inagonja n'kulola zimenezi kulikonse. Mu June 2025 jaji Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wa pa mlandu wa House, umene ukupereka pafupifupi madola 2.8 biliyoni kwa amene anasewera kuyambira 2016, kuphatikizapo anyamata a LSU a 2019, ndiponso kulola yunivesite iliyonse kugawana ndi osewera ake ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Pali ochemerera amene akulira kuti mpira wa pakoleji waonongeka, osewera akungodumphadumpha kutsata ndalama, timu sikhalanso banja. Chisokonezo chilipodi, sindikana. Koma chinabwera chifukwa akuluakulu anakana kwa zaka makumi kukonza zinthu mwadongosolo mpaka makhoti anachita kuwakakamiza, ndipo mlandu wake sungagwere mwana wa zaka 19 amene akuchita zomwe kochi wake wakhala akuchita chiyambire.

Ndipo ngakhale pano nkhani sinathe. Malire a madola 20.5 miliyoni aja ndi pafupifupi 22 pa 100 ya ndalama zimene mayunivesite akuluakulu amapeza pa masewero, zogawana osewera a masewero onse a pasukulupo, pamene mu NFL osewera amatenga pafupifupi 48 pa 100. Kusiyana kwake n'koti a mu NFL ali ndi bungwe lawo la antchito limene limakhala patebulo n'kukambirana malipiro, chithandizo cha ovulala ndi penshoni. A m'makoleji mpaka lero satengedwa ngati antchito, choncho chiwerengerocho anawaikira ndi maloya ndi mayunivesite. Chofunika tsopano ndi kuwavomereza kuti ndi antchito, akhale ndi bungwe lowalankhulira, ndipo chinthu choyamba kulembedwa m'mgwirizanowo chikhale chithandizo cha kuchipatala cha zaka zambiri kwa amene mawondo, misana ndi mitu yawo zinaonongekera pa bwalo la yunivesite.